Anatsala ku Mathithi, Osati M'tauni

Ine, Noreen Halvorsen, wa zaka 44, wokhala ku Moorhead m'chigawo cha Minnesota, woyendera ukhondo m'malo odyera pansi pa khonsolo ya kwathu, ndikupereka umboni uwu pa polisi ya Port Averill ku Alaska, pamaso pa Sajeni Gail Marsden, lero Lachinayi madzulo.

Pali zinthu zoti zikhazikike tisanakambe china chilichonse, ndipo ndapempha kuti zilembedwe pamwamba.

Choyamba, Bambo Wendell Prewitt, a zaka 78, amene tinabwera nawo pa sitima ya pamadzi, sali m'tauni muno. Amene akuyang'ana m'mabala ndi m'masitolo a mu Front Street akutaya nthawi. Bambowa anatsala ku mathithi a Corliss, ndipo pofunika kuyang'ana ndi kanjira kotsekedwa ndi tcheni kamene kali kudzanja lamanzere munthu akangowoloka mlatho wamatabwa.

Chachiwiri, avala juzi yotuwa, buluku lakuda ndi kapu yobiriwira. Alibe chovala cha mvula. Amayendera ndodo chifukwa bondo lawo lamanja anaikamo chitsulo, komanso amamwa mankhwala a mtima madzulo aliwonse asanadye. Mankhwalawo ali m'chipinda chawo m'sitima, ndipo sitimayo yapita. Dzina la mankhwalawo ndinaliwerenga pabotolo, ndalilemba pa kapepala kamene ndapereka kwa Sajeni kuti akaonetse ku chipatala.

Chachitatu, Sajeni andiuza kuti galimoto ya polisi ilipo imodzi, ndipo sangaichotse m'tauni pa mawu anga okha pamene a kampani ya sitima anena zosiyana, pokhapokha nditafotokoza zonse mwandondomeko. Ndifotokoza. Koma pepala ili sindisaina galimotoyo ikadali pabwalo.

Nkhani ya wailesi ya m'manja imene inagwera m'nyanja ibwera pa malo ake. Sindiyamba ndi imeneyo.

Ine ndi amuna anga, a Curtis Halvorsen, tinakwera sitima ya Halcyon Bay ku Seattle Loweruka lapitali. Pa chakudya chamadzulo tinasankha dongosolo lija loti munthu umakhala pa tebulo limodzimodzi, ndi anthu omwewo, komanso wokuperekera zakudya yemweyo ulendo wonse. Tebulo lathu linali la anthu anayi, chapafupi ndi zenera. Wotiperekera zakudya ndi Rodel, dzina lake lachiwiri sindikulidziwa.

Madzulo oyambawo tinapeza Bambo Prewitt atakhala kale. Mpando wachinayi unalibe munthu, koma anali atakolekapo chikhoti chofiira chachikazi. A Curtis anafunsa kuti, "Amayi akubwera, kapena tiziyamba?"

Iwo anati, "Yambani, achimwene. Lucille wandidikiritsa zaka makumi asanu, sasintha lero."

Kenako anatiuza kuti akazi awowo anamwalira m'mwezi wa Malichi, matikiti a ulendowu atagulidwa kale. Kampani inakana kubweza ndalama za tikiti ya malemuwo m'manja. Inaziika pa khadi la Bambo Prewitt, lija timatsegulira chipinda ndi kugulira zinthu m'sitima. Mawu awo anali akuti, "Akuti ndalama za Lucille ndizidyere momwe muno, zikatsala zipsa tikafika ku Seattle. Ndiye ndati chabwino, adya mwini wake."

Kuyambira tsiku limenelo, madzulo aliwonse ankagula tambula ya vinyo woyera n'kuiika pa malo a Mayi Lucille. Rodel ankakoka mpandowo ngati pakukhala munthu, n'kufunsa kuti, "Madamu lero asankha chiyani, bwana?" Yankho linali limodzi, keke ya mandimu. Kekeyo ankadya ndi a Curtis. Ine Bambo Prewitt ankanditcha Mayi Inspekitala, chifukwa tsiku loyamba ndinafunsa Rodel kuti nkhanu zimene anabweretsa zakhala nthawi yaitali bwanji kunja kwa firiji. Mbale zikafika ankati, "Mayi Inspekitala, tidye kapena mwatseka hotela?"

Lachitatu pa chakudya tinakamba za ulendo wa lero wa ku mathithi, umene tonse tinagulira m'sitima. Bambo Prewitt anaonetsa matikiti awiri. Nditafunsa chifukwa chake anati, "Mukufuna aimirire njira yonse?"

Anafotokoza kuti ali mnyamata anagwirapo ntchito pa fakitale ya nsomba ya kuno, ndipo ndi kumene anakumana ndi Mayi Lucille. Izi ndikuzikumbukira bwino, anati: "Ukawoloka mlatho anthu onse amakhotera kumanja kokajambula. Ife tinakhotera kumanzere. Pamwamba pali thanthwe lafulati ngati tebulo. Ndi pomwe ndinamufunsira, iye n'kuseka mpaka kugwetsera sangweji m'madzi." Ananenanso kuti phulusa la akazi awo lili m'chitini cha khofi, ndipo akufuna akalisiye pa thanthwepo.

Ndinawauza kuti pa pepala la ulendowu palembedwa kuti njira yakumanzere ndi yotseka nyengo ino, chifukwa nsomba zikukwera mtsinje ndipo zimbalangondo zili pomwepo. Anati, "Chimbalangondo chidye ine? Mafupa okhaokha ndi chitsulo cha m'bondo. Chiguluka mano."

Ndinati awauze otitsogolera kuti wina awaperekeze. Anati akawauza awakaniza. Ndinati ngati iwo sanena, ndinena ndine. Anati, "Mayi Inspekitala, izi si za ukhondo." Ndinawayankha kuti ndinenabe, ndipo ndinanenadi.

Lero m'mawa cha m'ma 9 koloko tinakwera basi padoko. Basiyo ili ndi khomo limodzi, kutsogolo. Ine ndi a Curtis tinakhala pa mpando woyamba kuseri kwa khomolo, chifukwa ine ndikakhala kumbuyo ndimachita nseru. Wotitsogolera anali mtsikana dzina lake Kayleigh, dalaivala ankamutcha Rusty. Bambo Prewitt pokwera anavutika ndi masitepe, a Curtis anawagwira mkono. Bambo Prewitt anapereka matikiti awiri. Kayleigh anafunsa kuti winayo ali kuti, iwo n'kukweza chikhoti chija. Kayleigh anaseka n'kunena kuti, "Chabwino agogo, bola alipira." Bambowo anakakhala mzere wachiwiri kuchokera kumbuyo, iwo kuzenera, chikhoti pa mpando wa kunjira. Anali ndi chikwama chansalu muli chitini chija.

Basi isananyamuke ndinamuuza Kayleigh kuti bambo amenewo akufuna kukwera njira yotsekedwa, aziwayang'anira. Anati, "Musadandaule amayi, pali tcheni."

Ulendo wa ku mathithi ndi wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Foni imasiya kugwira mukangodutsa fakitale yakale ya nsomba. Ndinayesa yanga kangapo tili kumeneko, sinagwire.

Titafika, a Curtis anawagwiranso mkono potsika. Chikhoti anachisiya pa mpando. Kayleigh analengeza kuti basi inyamuka 2 koloko. Tinadya nsomba yootcha pansi pa chisakasa chachikulu chimene chili pafupi ndi poimika mabasi. Bambo Prewitt anadya pang'ono, mbatata yawo n'kupatsa a Curtis. Tikumaliza kudya mvula inayamba kuwaza.

Patapita kanthawi ndinawaona akulowera ku mlatho, ndodo kudzanja lamanja, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Ndinakuwa kuti, "Bambo Prewitt, basi inyamuka 2 koloko!"

Anatembenuka n'kuyankha kuti, "Ndamva, Mayi Inspekitala. Ndikungomuperekeza pang'ono, ndibwera."

Amenewo ndi mawu omaliza amene ndinawamva kwa iwo. Ndinawaona akuwoloka mlatho. Kumene anakhotera sindinaone chifukwa pali mitengo. Ndinapita kwa Kayleigh kachiwiri. Anali akugawa mapepala apulasitiki ofunda pa mvula, anthu atamuunjikira. Anati, "Ndamva amayi," osacheuka. Ine ndi a Curtis tinawoloka mlatho n'kupita kumanja kumene anthu amajambula. Bambo Prewitt kunalibe. Pobwerera ndinaima pa tcheni chija n'kuitana kawiri. Madzi a mathithi amasokosa kwambiri pamenepo. Sindinamve yankho. A Curtis anati mwina abwerera kale ku basi kukabisala mvula.

Mvula inakula, anthu anakwera basi mothamanga. Ife tinali m'gulu la omalizira. Mawindo anali atachita nthunzi, ndipo anthu ambiri anali chiimire m'kanjira ka pakati akuvula mapulasitiki. Kayleigh sanawerenge anthu. Anatenga cholankhulira n'kunena kuti, "Aliyense ayang'ane pambali pake. Mnzanu amene munabwera naye alipo? Ngati mwamutaya dala, khalani chete!" Anthu anaseka n'kuyankha kuti alipo.

Ine ndinati, "Simuwerenga mitu?"

Anati, "Amayi, chiyambire Meyi njira imeneyi sinanditayitsepo munthu."

Ndinaimirira n'kuyang'ana kumbuyo. Ndinaona chikhoti chofiira. Mpando wa kuzenera sunkaoneka chifukwa mipando ya basiyo ndi yaitali misana. A Curtis anandikoka mkono wa malaya n'kunena kuti, "Noreen, khala pansi, wayambanso. Si chikhoti chawo icho?" Dalaivala anati sanyamuka wina ali chiimire. Ndinakhala pansi.

Ndikufuna izi zilembedwe momwe ndikunenera. Funso la Kayleigh limagwira ntchito kwa munthu amene ali ndi mnzake wapambali. Pambali pa Bambo Prewitt panali chikhoti. Chikhoti sichiyankha.

Pobwerera basi inaima mu Front Street kuti ofuna kugula zinthu atsike n'kudzayenda okha kupita padoko. Ine ndinali mkono umodzi kuchokera pakhomo, ndipo aliyense wotsika anadutsa pamaso panga. Panatsika banja la ana amapasa, azimayi awiri ovala zipewa zofanana, ndi ena ochepa. Panalibe wa ndodo. Bambo Prewitt potsika basi amatsitsa ndodo kaye, kenako mwendo wamanzere, ndipo amafuna wowagwira mkono. M'mawa anawagwira ndi a Curtis, ku mathithi ndi a Curtis. M'tauni a Curtis sanagwire mkono wa munthu. Pamenepo ndinkayesa kuti akadali kumbuyo, atsikira padoko.

Tinafika padoko itangodutsa 3 koloko. Ndinadikira kuti onse atsike, kenako ndinapita kumbuyo. Ndinapeza chikhoti chokha. Ndinagwira mpando wa kuzenera ndi dzanja. Unali wouma. Ndinagwira mipando yoyandikana nawo, kutsogolo ndi kumbuyo. Yonse inali yonyowa, chifukwa aliyense anakwera atavumbidwa. Pa mpando wa Bambo Prewitt sipanakhale munthu kuchokera ku mathithi.

Ndinamuitana Kayleigh kuti adzagwire yekha. Sanabwere. Anati, "Ndiye kuti atsikira m'tauni." Ndinati sanatsike. Anati wanena kale ku sitima kuti basi yabwera ndi anthu onse. Ndinapempha Rusty kuti abwerere ku mathithi. Anati basi ikukatenga anthu a sitima ina, komanso si iye amalamula. Ndinatenga chikhoti n'kutsika.

Padoko panali Mayi Fenella Ross, amene amayang'anira maulendo a pamtunda ogulidwa m'sitima. Ndinawafotokozera zonsezi. Ndinawakumbutsa zimene zalembedwa pa pepala lawo, zoti ukagula ulendo kwa iwo sitima sikusiya. Anati, "Timadikira basi, amayi, ndipo basi yafika."

Ndinati, "Tikiti simunagulitse kwa basi. Munagulitsa matikiti awiri kwa munthu, ndipo pa awiriwo palibe amene wabwerera."

Anafunsa kuti, "Ndinu achibale awo?"

Ndinati, "Ndimadya nawo tebulo limodzi."

Anati, "Ndiye si nkhani yanu. Zimenezi zimachitika sabata iliyonse, timakawapeza m'bala akuyimba."

Ndinawauza kuti Bambo Prewitt samwa mowa, ngakhale vinyo amene amagulayo sakhudza. Anati woimira kampani padoko lino, Bambo Loomis, asamalira zonse.

Ndinaimba ndekha nambala ya ngozi ndili padoko. Woyankha anati uthenga alandira kale kuchokera kwa Bambo Loomis, woti mlendo wina wasochera m'tauni, ndipo wapolisi wapita kukayang'ana. Ndinati si m'tauni. Anati walemba zimene ndanena. Ndinayang'ana takisi. Padoko panalibe ngakhale imodzi, zonse zinali zitapita ndi anthu a sitima inayo.

M'sitima anayamba kuitana dzina la Bambo Prewitt pa chinkuzamawu. Anaitana katatu. Kenako wantchito wina anatsika ndi envulopu n'kupereka kwa Bambo Loomis. Ndinafunsa kuti muli chiyani. Anati pasipoti ya Bambo Prewitt. Ndinafunsa za mankhwala. Anati za mankhwala sanauzidwe. Ndinati ndikuwauza pano. Anati chipinda cha mlendo satsegulanso popanda chilolezo cha mkulu wa chitetezo, ndipo nthawi yatha.

Nthawi yoti aliyense akhale atakwera inali hafu pasiti 4. A Curtis anali atakwera kale. Ine ndinakwera kamlatho kolowera m'sitima mpaka pakati, n'kukhala pansi. Ndinalowetsa mikono yonse iwiri m'zitsulo za m'mbali, chikhoti chili pamiyendo. Kamlathoko sangakachotse pali munthu, ndipo sitima singanyamuke kasanachotsedwe. Zimenezi ndinkazidziwa pamene ndinkakhala.

Panabwera mkulu wa chitetezo, Bambo Mihai Stanciu. Dzinalo ndinawerenga pa baji. Anati, "Madamu, kwerani kapena tsikani. Pakati apa si pokhala."

Ndinati, "Mukuona nokha kuti ndakhala."

Anafunsa chimene ndikufuna. Ndinati zinthu ziwiri, atumize galimoto ku mathithi, komanso atsitse mankhwala. Anati malipoti awo akusonyeza kuti bambowo anatsikira m'tauni. Ndinafunsa kuti anawaona ndani akutsika. Anangobwereza za malipotiwo.

Anthu anadzaza m'makhonde a zipinda zawo pamwamba pathu. Bambo wina anakuwa kuti, "Mponyeni m'madzi, supu ikuzizira!" Mayi wina chapansi pake anati, "Khalani pompo, achemwali, anazolowera amenewa!" Ambiri ankajambula ndi mafoni.

A Curtis anaima pakhomo la sitima. Madzulo ano tinayenera kudya kumalo apadera a nyama yootcha, kumene tinasungitsa tebulo ndi ndalama za pa khadi lathu pokumbukira tsiku la ukwati wathu. Anati, "Noreen, tebulo la nyama lija ndi lero. Ndalama zija zipsa."

Ndinati, "Zipse."

Anaimabe pang'ono, kenako analowa m'kati.

Tsopano za wailesi. Bambo Stanciu anawerama n'kundigwira m'khwapa kuti andinyamule. Wailesi yawo inali yokolekedwa paphewa lamanzere. Inakola chitsulo cha m'mbali, inazuka, inagunda m'mphepete mwa kamlatho n'kugwera m'madzi pakati pa sitima ndi doko. Ine sindinaikhudze, ndipo iwo sindinawamenye. Mikono yanga yonse inali m'zitsulo. Zikande zili pa zigongono zanga, Sajeni aziona. Amene akunena kuti ndinamenya munthu abweretse kanema, popeza ojambula anali ochuluka kuposa anthu a tauni ino.

Bambo Stanciu ananena mawu a m'chinenero chawo amene sindikuwadziwa. Kenako anati, "Mulipira wailesi imeneyi, ndipo simudzakweranso sitima zathu moyo wanu wonse."

Ndinati, "Ndikubwerekeni cholembera?"

Patapita nthawi anabweranso n'kunena kuti woyendetsa sitima walamula kuti ndikapanda kuchoka aitana apolisi. Ndinati, "Ndi amene ndikuwafuna." Anaitanadi. Konstabo Tate atangofika m'munsi mwa kamlatho ndinatulutsa mikono, ndinaimirira ndekha n'kutsika. Palibe anandikoka. Ndinayamba kuwafotokozera za mathithi, iwo anati zonse ndikanene kuno.

Akuyamba kumasula kamlatho, a Curtis anatuluka m'sitima atanyamula zikwama zathu ziwiri ndi kajumbo kapepala. Bambo Stanciu anawauza kuti akatsika sakweranso, komanso kuti chakudya cha m'sitima sichiloledwa kutsikira pamtunda. A Curtis anati, "Ndi keke ya Mayi Lucille iyi, yalipiridwa kale." Anadutsa. Kekeyo anawapatsa ndi Rodel, pamodzi ndi mabanzi anayi okulunga m'nsalu ya patebulo.

Atafika pamene ndinaima anati, "Mkono wa bambo aja m'tauni sindinaugwire. Ndakumbukira ndili m'chikepe, ndikukwera kuchipinda." Kenako anati, "Ndine ndinakukhazika pansi m'basi muja."

Sitima inaliza hutala n'kunyamuka itadutsa 5 koloko. Mankhwala sanatsitsidwe.

Tili m'galimoto ya polisi kubwera kuno, Bambo Loomis anatitsatira. Pakhomo la polisi ino anandipatsa pepala loti ndisaine. Pepalalo likuti ndikuvomera kuti ndinachedwetsa sitima popanda chifukwa, ndikupepesa, ndipo sindidzakamba za nkhaniyi kwa atolankhani. Anati ndikasaina, kampani iiwala za wailesi ndipo itilipirira ndege kuti tikakumane ndi sitima pa doko lotsatira. Ndinawerenga lonse. Ndinawabwezera. Anati, "Ganizani bwino, amayi, mlanduwu ungakuipitsireni mbiri ku ntchito." Ndinati pa ntchito yanga ndinatsekapo malo odyera a mlamu wake wa meya, ndipo ndikadali pa ntchito.

Kuti sitima ndinaichedwetsa sindikukana. Ndinakhala pa kamlatho dala, ndipo mawa zitachitikanso ndingakhalenso. Mawu oti popanda chifukwa ndiwo sindingawasaine. Ngati pali mlandu wotseka njira, undipeza pa adiresi imene ndapereka. Sindithawa, pasipoti yanga ili pa tebulo la Sajeni.

Ndiwonjezere zimene zachitika ndikupereka umboniwu, kuti zikhale m'pepala lomweli. Nditafika pa za mpando wouma, Sajeni anaimitsa kulemba. Anaitana a Curtis, amene anali pa benchi panja, n'kuwafunsa paokha za m'tauni. Kenako anaimbira foni Kayleigh ine ndikumva. Anamufunsa funso limodzi, ngati anawerenga anthu ku mathithi. Kayleigh anayamba kufotokoza za mvula. Sajeni anabwereza funsolo. Kayleigh anati sanawerenge. Anamufunsanso ngati anawaona Bambo Prewitt akutsika mu Front Street. Anati sanawaone, anangoganiza.

Sajeni aitanitsa Konstabo Tate kuchokera m'tauni, kumene anabwerera wapansi atatisiya kuno, pamodzi ndi abambo awiri a gulu lopulumutsa anthu, amene abwera ndi machira, nyali ndi mfuti. Namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kuno wabweretsa mankhwala aja. A Curtis apita nawo kuti akawalozere tcheni. Ndawapatsa chikhoti ndi kajumbo ka keke. Chikhoticho ndi chachikazi, koma Bambo Prewitt ndi ochepa thupi, chiwakwana. Ndinapempha kupita nawo. Sajeni akana, akuti ndikadali m'manja mwawo mpaka nkhani ya kamlatho ilembedwe, komanso m'galimoto mulibe malo.

Ndaima pazenera ndipo ndaiona ndi maso anga galimoto ikutuluka pabwalo n'kukhotera kumpoto, njira ya ku fakitale. Kunja kukadali kowala pang'ono. Mvula sinasiye. Tsopano ndisaina.

Zopempha zanga ndi ziwiri. Wailesi ya m'galimoto ikangolankhula, mundiuze nthawi yomweyo, kaya uthengawo ndi wotani. Musadikire kuti muukonze kaye. Ku hotela imene Bambo Loomis akuti tikagone sindipita, ndikhala pa benchi ili pafupi ndi khomo lanu mpaka yankho libwere, ndipo libwere msanga.

Chachiwiri ndaiwala kuwauza a Curtis, ndiye chonde mukanene pa wailesi asanafike pa mlatho. Akawapeza Bambo Prewitt ali bwino, awaveke chikhoti, awamwetse mankhwala. Koma akaone chitini. Ngati chikadali chotseka, asawatsitse msanga pa thanthwepo. Awadikire atsegule.

Ndi zomwe ndikudziwa, ndipo sindichotsapo liwu.

Wopereka umboni: Noreen Halvorsen ______________________

Wolemba umboni: Sajeni Gail Marsden ______________________